Zanzibar 1896: yambani ndi banja, mizinga ibwere pambuyo

Ambiri akamaphunzira za Zanzibar amangoloweza kuti pa 27 Ogasiti 1896 kunachitika nkhondo yosakwana n'komwe ola limodzi, pakati pa Angerezi ndi Khalid, yemwe anali atadziika kukhala Sultani, kapena kuti mfumu ya Zanzibar. Akafunsidwa chomwe Angerezi anaphulitsira nyumba ya Sultani, amasowa pogwira. Nkhaniyi imamveka mukajambula kaye mzere wa banja, kuyambira kwa Sayyid Said, yemwe ankalamulira Oman ndi Zanzibar pamodzi mpaka imfa yake mu 1856.

Banja limeneli linalibe lamulo lokhazikika loti mwana woyamba ndiye alowe ufumu. Wolowa ankakhala amene wafulumira kugwira nyumba yachifumu, asilikali ndi chuma, komanso amene akuluakulu amuvomera. Said atamwalira, ana ake awiri anakanganirana: Thuwaini ku Muscat, likulu la Oman, Majid ku Zanzibar. Mlanduwo unaweruzidwa ndi mlendo, Lord Canning, mkulu wa boma la Britain ku India. Mu 1861 iye anagawa ufumuwo pawiri, n'kulamula kuti Zanzibar izipereka ku Muscat ndalama zasiliva za Maria Theresa zokwana 40,000 pachaka. Chaka chimenechi musachilumphe. Apa m'pamene banja linayamba kutengera milandu ya kuchipinda pabwalo la eni mizinga.

Kenako mpando unayenda pakati pa ana a Said okhaokha: Majid, Barghash mu 1870, Khalifa mu 1888, Ali mu 1890. Barghash ndi uja anatseka msika wa akapolo mu 1873 atapanikizidwa ndi kazembe wa Britain John Kirk, Kirk yemweyo amene anafika ku nyanja ya Malawi ndi Livingstone mu 1859. Ali atamwalira mu 1893, mpando unatsikira kwa zidzukulu, ndipo olimbirana anachuluka. Khalid anali mwana wa Barghash, Hamad wa Thuwaini, Hamoud wa Muhammad. Mabuku a Chingerezi akamasuliridwa mwaulesi amawatcha asuweni, koma kwathu ana a amuna apachibale ndi pachibale basi.

Cholakwika chachikulu n'kuganiza kuti Khalid anali wakuba ufumu wamba. Potengera mwambo wa banjalo, kulanda nyumba yachifumu sikunali kwachilendo. Chomwe chinasintha ndi pangano la 1890 loika Zanzibar pansi pa chitetezo cha Britain, lomwe linkafuna kuti wolowa ufumu avomerezedwe ndi kazembe. Khalid anayesa mu 1893, Angerezi anamubweza, n'kuikapo Hamad. Hamad atamwalira mwadzidzidzi pa 25 Ogasiti 1896, Khalid analowa m'nyumbamo osapempha aliyense, n'kusonkhanitsa anthu pafupifupi 2,800. Angerezi ankafuna Hamoud, munthu womvera.

Basil Cave, yemwe ankagwirizira ukazembe, anamupatsa malire: atsitse mbendera ndi kutuluka isanakwane 9 koloko m'mawa wa pa 27. Padoko panali sitima zankhondo zisanu, St George, Philomel, Racoon, Thrush ndi Sparrow, motsogozedwa ndi Harry Rawson. Mizinga inayamba kulira cha m'ma 9:02, ndipo pofika cha m'ma 9:40 zonse zinali zitatha. Nyumbazo zinali ndi matabwa ambiri, moto unagwira msanga. Sitima ya Sultani, Glasgow, inamira pamadzi osaya, milongoti yake n'kumaonekerabe pamwamba. Kumbali ya Khalid ophedwa ndi ovulala anali pafupifupi 500, kumbali ya Britain anavulala munthu mmodzi. Polemba mayeso musalimbane ndi chiwerengero cha mphindi, ena amati 38, ena amapitirirako pang'ono. Chofunika ndi kusiyana kwa 500 ndi mmodzi kumeneko. Tsiku lomwelo Hamoud anakhala Sultani.

Mbali yomwe ambiri amaidumpha ndi ya Ajeremani. Khalid anathawira ku nyumba ya kazembe wawo, ndipo iwo anakana kumupereka ponena kuti mlandu wake ndi wandale. Asilikali a Angerezi anamudikirira panja. Pa 2 Okutobala madzi a m'nyanja atakwera mpaka pachipata cha nyumbayo, bwato la sitima ya Ajeremani ya Seeadler linafika pomwepo, Khalid n'kukwera osaponda nthaka ya Zanzibar, ulendo wa ku Dar es Salaam. Anakhala m'dziko limenelo, lomwe linkalamulidwa ndi Ajeremani, mpaka Angerezi anamugwira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anamutumiza ku zilumba za St Helena ndi Seychelles, ndipo anamwalirira ku Mombasa mu 1927.

Nanga zoti Angerezi anachita zonsezi pofuna kuthetsa ukapolo? Muzitenge mosamala. N'zoona kuti mu 1897 Hamoud anasaina lamulo loti ukapolo usazindikiridwenso m'makhoti. Koma kapolo ankayenera kukapempha yekha ufulu kukhoti, mwini wake ankalandira chipukuta misozi, ndipo akapolo aakazi omwe eni ake ankawasunga ngati akazi awo aang'ono sanawerengedwe. Minda ya karafuu, mbewu yokometsera zakudya yomwe pa Chingerezi amati clove, inkafunabe manja, ndipo ukapolo unathetsedwa kotheratu mu 1909.