Ankolo, akudya!

Mayi akunyumba anandituma bwinobwino Loweruka lija. "Bambo a Chisomo, mukagule nyama kilo imodzi ku msika, amayi akufika masana kuchokera ku Jali." Ndinapitadi m'tauni, nyama ndinagula, ya ng'ombe, yamafuta pang'ono monga amaikondera apongozi. Kulakwa kwanga kunali kumodzi: nditatsika minibasi pa Chinamwali, ndinadzera kanjira ka pansi pa mtengo wa mango paja pamakhala mkulu wosoka nsapato.

Pamenepo dirafuti imayamba m'mawa, kutha kwake dzuwa likabisala kuseri kwa phiri. Bolodi yake ndi katoni yolembedwa ndi bolopeni, zosewerera ndi zitsekerero za mabotolo, za Fanta uku, za Coca-Cola uko. Ine ndinakulira pa bawo, ndiye dirafuti ndinkaiyesa masewera a ana. Zikanathera mumtima bwenzi zili bwino, koma ndinazilankhula mokweza.

Mkulu uja anaika nsapato pansi n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Khalani apa achimwene, tikuonetseni za anazo."

Jumbo ya nyama ndinaiika pansi pa benchi.

Malamulo anandiuza mwaulemu ndithu. Timabokosi tilipo 64, koma timagwira ntchito n'takuda tokha, 32. Aliyense amayamba ndi zitsekerero 12 m'mizere itatu. Umayenda chopendekera, kabokosi kamodzi, kulunjika kwa mnzako. Cha mnzako chikakhala pafupi, kuseri kwake kuli mpata, umachidumpha n'kuchichotsa, ndiko kudya. Ukafika mzere wotsiriza wa mnzako, chitsekerero amachigadabuza, chasanduka kingi, ndipo kingi wa pansi pa mango paja amathamanga mzere wonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati minibasi yoduka mabuleki.

"Lotsiriza ili muligwiritse," anatero. "Mpata wodya ukapezeka, simukana. Kudya n'kokakamiza."

Ndinaseka. Chibadwire sindinakakamizidwepo kudya ine.

Titangoyenda kasanu, mkuluyo anakankhira chitsekerero chake pakamwa panga penipeni. Mumtima ndinati ukalamba wayamba kugwira ntchito. "Idyani," anatero, mawu ake ngati a munthu wolandira mlendo. Ndinadya, mpaka kuchiombetsa pa benchi kuti anthu amve. Iye osalankhula, anangonyamula chake chimodzi: pha, pha, pha! Zitatu zanga zapita, chake chafika kumapeto, wachigadabuza. Anyamata a kabaza omwe ankaonerera anaseka mpaka wina kugwetsa njinga.

Gemu yachiwiri ndinati ndichenjere. Zanga zonse ndinazikhomereza m'mphepete, poti chakumphepete sichidyeka. Zoonadi sizinadyeke, koma sizinkayendanso. Pofuna poponda ndinayamba kutulutsa za mzere wakumbuyo, mkulu uja n'kulowa ngati kwawo.

"Mzere wakumbuyowu ndi chitseko," anandiuza akusanja zitsekerero. "Simutsekula msanga. Gwirani pakati, ndipo chilichonse chikamapita kutsogolo chikhale ndi chinzake kumsana, wodumpha asowe potera. Wina akakupatsani chaulere, yambani mwaona pomwe mukatere mukadya."

Uphunzitsi anali nawo mkuluyu, chifundo chokha n'chomwe analibe. Yachitatu anandikwapulanso, yachinayi chimodzimodzi. Nthawi imeneyo dzuwa lili pamutu, ine osaliona.

Koma yachisanu, abale, inandikomera. Ndinagwira pakati, chitseko chili chotseka, ndipo ndinamupatsa chimodzi n'kumudyera ziwiri. Anyamata a kabaza anakhala chete. Nditawerenga, zanga zisanu ndi chimodzi, zake zisanu, ndipo anali atandiuza yekha kuti ukatsogola uzisinthana chimodzi kwa chimodzi mpaka mnzako aume. Thukuta lili kamukamu, maso onse pa katoni.

Ndi pamene kamnyamata kogulitsa mandasi kanandikoka malaya. "Ankolo, akudya!"

Ndinayang'ana bolodi yonse, palibe podyeka. "Sangadye, iwe. Ndatseka."

"Ayi ankolo, akudyadi!"

"Pano oonerera salankhula," anatero mkulu uja osadzutsa mutu. Kamwanako kanatseka pakamwa, poti n'koleredwa bwino.

Ndinakankha chitsekerero changa, kunatsala kabokosi kamodzi kuti ndikhale ndi kingi woyamba m'moyo wanga. Kenako ndinamva kutafuna. Osati kwa munthu. Kusuzumira pansi pa benchi, galu wofiira, nthiti zili pamtunda, mutu wonse uli m'jumbo. Tinayang'anizana kamphindi. Iye ndiye anaganiza msanga: ananyamula nthuli yotsala n'kuliyatsa liwiro kulowera kumakwalala.

Ndinamuthamangitsa ndithu, bambo wa ana awiri, nsapato imodzi itavuka, ndikukuwa "Nyama ya apongozi!" ngati galuyo amva chisoni. Anandisiya pa ngalande.

Pobwerera ndinapeza bolodi ili momwe ndinaisiyira, kupatula chitsekerero chimodzi cha mkulu uja chomwe chinali chitasendera pakamwa panga.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Idyani."

Msampha ndinauona bwinobwino ulendo uno, maphunziro anali atalowa. Koma lamulo ndi lamulo. Ndinadya. Pha, pha, pha.

Ndalama yotsala inakwana kamulu kamodzi ka matemba. Kunyumba ndinapeza apongozi afika kale, akhala pa mkeka, madzi a nsima akuwira. Ndinagwada chapatali n'kupereka moni, kenako ndinafotokozera mayi akunyumba, mokweza kuti apongozi amve, kuti nyama ya lero sinali yabwino, ndipo madokotala amanena kuti nsomba ndiyo yoyenera anthu akuluakulu. Apongozi anagwedeza mutu, akuoneka kuti agwirizana nazo.

Tili pakati pakudya, kunja kunamveka odi. Kamnyamata ka mandasi kaja, kaima pakhomo mwaulemu, manja onse awiri atagwira jumbo yong'ambika, yamagazi.

"Ankolo, mwaiwala jumbo yanu ku dirafuti. Akuti mawa mubwerenso."