Mbiri ya moyo wanga, gawo lachisanu: Mmene ndinasiyira kudaya tsitsi

Nditayamba utelala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndinkadaya tsitsi mwezi ndi mwezi, ndipo ngakhale mankhwalawo ankandiwotcha mpaka kuchita zilonda m'mutu, ndinkapirira poganiza kuti tsitsi likada anthu aleka kundicheukira. Sanaleke, chifukwa munthu wa khungu lachialubino sabisika. Chipewa chachikulu chimene ankatipatsa kuchipatala pamodzi ndi mafuta oteteza khungu ndinkachisiya m'chikwama, moti khosi langa linkakhala lofiira chilimwe chonse, pamene khansa ya pakhungu ndiyo imatitha mwakachetechete kuposa zigawenga.

Chakumapeto kwa 2014, nkhani zopha ndi kuba anthu achialubino zitayamba kuchuluka, makamaka kwa anansi athu ku Machinga, anyamata ena a kudepoti ankandikuwiza kuti ndine ndalama zoyenda. Amayi anandigwira dzanja usiku wina kwathu ku Chinamwali nati, "Mwana wanga, siya ntchitoyo, tidzadya zomwe zilipo." Ndinawamvera, ndipo makina anga anachita dzimbiri kuseri kwa chitseko.

Amene ananditulutsa m'nyumbamo ndi mayi wina, mphunzitsi wa m'bungwe lathu la anthu achialubino la APAM, yemwe ananditengera ku mwambo wa pa 13 Juni, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa lokumbukira anthu onga ife. Zolankhula za akuluakulu ndinaziiwala, monga zimakhalira pa misonkhano yotere, koma sindiiwala tsitsi la mayiyo, lachikasu ngati ndevu za chimanga, lolukidwa bwino, losabisidwa ndi duku, mwini wake akuseka mokweza pakati pa khamu. Nditabwerera ndinapempha mchemwali wanga kuti andimete mpala, ndipo limene linamera pambuyo pake sindinalidayenso.

Ndinabwerera pakhonde paja nditavala chipewa. Poyeza nsalu ndimayandikitsa tepi pamphuno penipeni kuti ndione manambala, zimene kale ndinkachita mobisa makasitomala atatembenuka, koma tsopano ndimangowauza kuti maso anga saona patali ndipo adikire pang'ono. Pamene a Overstone Kondowe, munthu wachialubino ngati ine, anapambana chisankho chachibwereza ku Nkhotakota mu 2021 n'kulowa m'Nyumba ya Malamulo, mayi wina wogulitsa usipa anabwera kudzandigwira chanza ngati kuti wapambana ndi mlongo wanga, ndipo anasiya chitenje kuti ndimusokere. Za mmene bambo a ana angawa anabwerera kudzasoketsa thalauza losang'ambika, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.