Kupanga catalyst ya siliva ndi kopa m'kutentha kwa kuchigwa

Ntchito yopanga catalyst iyi ndimaiyamba m'bandakucha. Catalyst ndi chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala icho osatha, ndipo yathuyi ndi tinjere tating'onoting'ono ta siliva ndi kopa. Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo sodium borohydride, mankhwala amene amasandutsa siliva ndi kopa wosungunuka kukhala tinjere, akakhala m'madzi ofunda sachedwa kuphwanyika n'kumatulutsa mpweya wa hydrogen, mphamvu yake n'kuthera pamenepo. N'chifukwa chake ayisi ndimagula dzulo lake n'kumusunga m'kabokosi kosatulutsa kuzizira.

Madzi ndiwo ndimaumirira kwambiri. Mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo uli ndi chloride. Mukadonthetsamo silver nitrate, mankhwala amene timatengamo siliva, nthawi yomweyo madzi amachita mbuu, siliva yense wagwidwa, wasanduka silver chloride. Zikatero palibenso chopanga. Ndimagwiritsa ntchito madzi otchezedwa okhaokha, ngakhale potsukuluza mabotolo. Ophunzira anga ndimayamba ndawaonetsa kuyera kumeneku ndi madzi a pamjigo wa pasukulu, kuti asadzayese kudula njira.

Ndimasungunula magalamu 0.017 a silver nitrate m'mamililita 100 a madzi, ndi magalamu 0.024 a copper nitrate m'mamililita enanso 100. Botolo la siliva ndimalikulunga ndi pepala lakuda poti kuwala kumamuwononga, ndipo m'manja ndimavala magolovesi chifukwa amadetsa khungu kwa masiku. Ndikasakaniza ziwirizi ndimathiramo pang'ono mankhwala otchedwa PVP. Ameneyu amakuta kanjere kalikonse kakangobadwa kuti tisamatane n'kukhala zibuma.

Tsopano pofunika mtima wodekha. Botolo ndimalikhazika mu ayisi, mawindo otsekula, moto uliwonse utazimitsidwa chifukwa hydrogen amayaka. Borohydride wosungunulidwa kumene m'madzi ozizira ndimamuthira dontho limodzilimodzi, dzanja lina likutakasa osaleka. Madontho oyamba amabweretsa kachikasu kotuwa, kenaka mtundu umadera mpaka kufanana ndi tiyi wopanda mkaka. Apa zitsulo ziwirizi zikutuluka m'madzi nthawi imodzi, ndipo cholinga n'chakuti zikhale m'kanjere kamodzi. Mukathira mopupuluma, pansi pamagwa zakuda, tinjere takula mopitirira. Kukula kwake n'kofunika chifukwa ntchito yonse imachitikira pamwamba pa kanjereko: tikachepa, malo ogwirira ntchito amachuluka. Tinjere timeneti ndi ta mananomita ochepa chabe, pamene tsitsi limodzi kunenepa kwake kumafika mananomita pafupifupi 80,000.

Botolo ndimalitseka mwamsanga, chifukwa kopa amachita dzimbiri akakumana ndi mpweya, ndipo ndimayesa tsiku lomwelo.

Poyesa ndimatenga machubu awiri, muli mankhwala otchedwa 4-nitrophenol osungunula pamodzi ndi borohydride. Onse awiri amakhala achikasu chowala. M'chubu imodzi ndimadonthetsamo tinjere tija, inayo ndimaisiya. Pakapita mphindi zochepa, yoyamba ija chikasu chimazilala mukuona, pamene inzake imakhala chikhalire mpaka madzulo. Chubu yachiwiriyi musaione ngati yongotayitsa mankhwala. Popanda iyo simungatsimikizire munthu kuti ndi tinjere tasintha zinthu. Chimene chapangika ndi 4-aminophenol, mankhwala amene mafakitale amapangira paracetamol, yemwe uja timagula pagolosale mutu ukamawawa. Ophunzira akamva zimenezi amayandikira kudzaonetsetsa.

Maso amangotiuza kuti catalyst ikugwira ntchito. Kuti siliva ndi kopa asakanikiranadi m'kanjere kamodzi zimaoneka ndi makina a electron microscope, oonetsa tinthu tating'ono kwambiri, ndi a X-ray, ndipo pa zitsulo ziwirizi kupima kumeneko n'kofunika kwambiri, chifukwa mwachibadwa sizikonda kusakanikirana. Zoti zikapimidwe ndimaziika m'kabotolo kakuda kodzaza mpaka kukamwa.

Zotsala zonse ndimathira m'chigubu cholembedwa bwino, chotsekedwa mosalimbitsa mpaka thovu litaleka. Nitrophenol ndi poizoni, siliva amapha nsomba, ndipo ngalande zathu zonse zimathera mu Shire.