Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Uthenga wa pa njanji ya Nacala

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti gawo lotsatira lili kuti, kunena zoona gawo ili ndakhala ndikulizemba dala.

Paja tinalekezera titawoloka pa Nayuchi kulowa Entre Lagos ku Mozambique mu 1988, boma litatituma ife asilikali kukalondera njanji ya Nacala chifukwa a Renamo olimbana ndi boma la dzikolo, omwe anthu kumeneko ankawatcha Matsanga, ankazula njanji ndi kutchera mabomba, katundu wa Malawi nkumazungulira mpaka ku Durban. Ine ntchito yanga inali wailesi, kuibereka ngati mwana, mabatire m'chikwama, kabuku ndi pensulo m'thumba. Uthenga ukabwera ulembe nthawi yake, uubwereze kwa wotumizayo liwu ndi liwu, kenako ukapereke kwa bwana basi, osathirako mchere.

Tsikulo tinali titadutsa Cuamba kulowera ku Malema, dzuwa litapendeka, pomwe mnzanga uja wa ku Ntcheu, amene tinkadyera mbale imodzi pa maphunziro ku Salima, anaponda bomba lokwirira m'mbali mwa njanji. Mwendo wamanzere unatha. Tinamumanga ndi lamba, bwana anati tumiza uthenga tipemphe galimoto imutenge, ine ndikutumiza manja akunjenjemera moti pensulo inandithyokera. Yankho linatenga nthawi, wailesi ikungoti shwaa, ndiye litabwera linali lalifupi, khalani pomwe mulipo mpaka kuche, msewu sunafufuzidwe. Ndinapempha abwereze ngakhale ndinamva bwinobwino. Anabwereza. Ndinabwerezanso ine, ndinalemba, ndinapereka.

Usiku wonse anagona atatsamira pa mwendo wanga, wailesi mbali inayi. Ankangofunsa kuti achimwene, ati bwanji, akubwera? Ine nkumati akubwera, gonani. Ludzu linamugwira, tinkangomunyowetsa milomo. Anayamba kuitana amayi ake, kenako kukamba za mbatata zakwawo zoti akadzapita pa tchuthi adzanditengera, mawu akunka natsika, mpaka tambala woyamba wa m'mudzi wapafupi asanalire anangoti zii.

Tsono bambo inu amene munalemba pa gawo 8 kuti asilikali timangomvera ngati nkhosa, ndipo mwina mudzati ndikanangonamiza bwana kuti alola tinyamuke, ndikuyankheni lero. M'mawa anzathu ofufuza mabomba anafukula ena pa msewu womwewo umene tikanadutsa mumdima titamunyamula. Munthu wa wailesi akasintha liwu limodzi, anthu onse ali kumbuyo kwake amayenda pa bodza lakelo osadziwa. Komabe sindikunama, amene anatumiza uthengawo ndinamukwiyira zaka zambiri, dzina lake sinditchula.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, tinabwerako, ndinakwatira mayi wa ana, zimenezo za gawo lina. Ku Ntcheu ndinapitako ndithu, amayi ake anandifunsa ngati mwana wawo anavutika, ndinati ayi mayi, anangogona.