Choyezera chipale chofewa cha ana anga

Sabata yathayi ine ndi ana tinapanga choyezera chipale chofewa, osagula kalikonse. Tinatenga thabwa lalitali n'kulembapo mizere ya masentimita, 0 mpaka 60, ana n'kulipenta. Wamng'onoyu anakakamira kulijambula maso ndi mphuno, ndinangomusiya. Tinalizika pabwalo, 0 uja n'kulingana ndi nthaka, kutali ndi khoma ndi mitengo chifukwa kumeneko mphepo imaunjika chipale n'kukunamizani.

Chimene chinawadabwitsa ndi ichi: tinathira chipale m'chitini mpaka masentimita 10, osachitsendera. Chitasungunuka, madzi ake anangofika pafupifupi sentimita imodzi. Chambiri ndi mpweya basi! Pano m'mawa uliwonse amathamangira kukawerenga thabwa lija, kope lili m'manja, asanasukusule n'komwe.