Nyemba zopserera Lachisanu la Lenti

Lero ndi Lachisanu la Lenti, ndipo monga Mpingo umatilamulira, nyama sindinaikhudze. Komabe chimene chandisowetsa tulo ndi mphika wa nyemba. Mwana wa mchemwali wanga, amene ndikukhala naye kuti aphunzire Fomu 2, anausiya pambaula n'kupita kumjigo, ndipo pamene ndinkafika fungo la kupserera linali litadzaza nyumba yonse. Ndinamukalipira mawu oti sindingawalembe pano, mpaka kumukumbutsa kuti fizi yake ndimalipira ndine. Iye sanayankhe kanthu. Anakhala pakhonde n'kumapala mphikawo ndi supuni, misozi ikugwera momwemo.

Titamaliza Njira ya Mtanda ndinatsalira kuti ndilankhule ndi akatekisiti athu, bambo achikulire amene salankhula mothamanga. Ndinkayembekezera kuti anditonthoza ponena kuti ana amafunika kudzudzulidwa. Iwo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Mayi, nyama mwaisala ndithu, koma mwana uja mwamudya." Anatsegula Agalatiya 5, nandionetsa ndime 15 pamene Paulo akuchenjeza anthu olumana ndi kudyana, ndiponso ndime 22 ndi 23 pamene chiletso chili kumapeto kwa chipatso cha Mzimu. Anati chipatso sachimangirira pamtengo ndi luzi, chimatuluka mtengowo ukamamwa madzi.

Apa ndinawatsutsa, chifukwa mawu amenewa ndinaona ngati akundichotsera udindo. Ndinati, "Bambo, ngati kudziletsa ndi mphatso, nanga Yakobo m'kalata yake akutiuziranji kuti tikhale odekha polankhula ndi odekha pakupsa mtima? Amalamula munthu chinthu chimene sangathe?" Anandiyankha kuti funso langali ndi lakale kwambiri. Mphunzitsi wina wakale, dzina lake Pelagius, ankaphunzitsa kuti munthu angathe kusunga malamulo a Mulungu ndi mphamvu ya kufuna kwake, pamene Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, ankapempha Mulungu kuti ayambe wamupatsa chimene akumulamulacho. Maepiskopi atasonkhana mumzinda wa Carthage m'chaka cha 418 anakana chiphunzitso cha Pelagius. Lamulo lilipo ndithu, anatero akatekisitiwo, koma limationetsa pamene tathera mphamvu kuti tifune Mwini lamulolo.

Pobwerera kunyumba sindinaganizenso za maepiskopi aja. Chimene chinandigwira ndi Salimo 42, la nswala yopuma wefuwefu pofuna mitsinje. Ndakhala ndikusala Lenti iliyonse chiyambire utsikana wanga, ndipo ndimadziwa bwino kuwerenga zimene ndasiya, monga nyama, shuga wam'tiyi ndi wailesi yamadzulo, koma ludzu la nswala ija sindikumbukira tsiku limene ndinalimva pakhosi. Masana aja ludzu ndinali nalo, koma linali lofuna kuti m'nyumba mwanga ndiziopedwa ndi kuthokozedwa. Nyemba zinangoliulula.

Tsopano kwada, magetsi azima, ndipo ndikulemba ndi kuwala kwa foni. Mtsikanayo wagona osadya. Mphika uja wautsuka mpaka kuwala, wauvundikira pathandala. Kwathu sindinaonepo munthu wamkulu akupepesa mwana, ndipo mawu oyambira sindikuwapeza. Ndaima kawiri pakhomo la chipinda chake, dzanja lili pachitseko, n'kubwerera kudzakhala pampando uno.