Labala ndinamuiwala ku Lilongwe

Ukwati wathu utakwanitsa zaka 10 mwezi wa Julaye, abambo akunyumba anati tikapume ku Mzuzu masiku anayi, ana tisiye kwa agogo awo. Ine m'chikwama ndinalongedza kope losalemba mizere, mapensulo atatu, HB yolimbirapo, 2B yofewa ndi 6B yofewetsetsa yolemba zakuda kwambiri, ndi kalezala kosongolera. Labala ndinamuiwala pathebulo. Ndinazindikira tili kale m'nkhalango ya Chikangawa, chifunga chitaphimba mitengo ya paini moti galimoto zimayenda zitayatsa nyali masana.

Kujambula ndinayamba chaka chathachi, pandekha, ndipo matenda anga ndi kufufuta. Mzere umodzi ndimatha kuufufuta kasanu mpaka pepala kuchita bweya. Ndinafuna kukagula labala wina m'tauni, koma abambo anati, "Amayi, tayesani kaye popanda, muone." Iwotu sadziwa n'kugwira komwe pensulo yojambulira, koma apa ananena zoona.

M'mawa wa tsiku loyamba ndinakhala pafupi ndi Clock Tower, zala zitauma ndi kuzizira. Nsanjayo sinandivute, imaima phee. Anandisautsa ndi anyamata a kabaza. Ukangoyamba gudumu, munthu wapeza kasitomala, wapita. Ndinaphunzira kuyamba ndi msana: mzere umodzi wopindika kuchokera kumutu kufika pachishalo, kenako matayala, zina zonse pambuyo ngati mwayi ulipo. Nkhope osazilota n'komwe. Pepala nalonso linali litayamwa chinyezi, HB imangotsetsereka osaoneka, ndiye ndinangokhalira 6B.

Phunziro lenileni linali ku Nkhata Bay, komwe tinatsikira tsiku lachitatu, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Titadya kondowole ndi batala, ndinakhala pamchenga kujambula bwato. Loyamba linatuluka ngati nthochi. Mutu wanga umadziwa kale kuti bwato ndi lopindika, ndiye dzanja linangomvera mutu, maso osawafunsa. Nditatambasula mkono n'kuyeza ndi pensulo, diso limodzi nditatsinzina, ndinapeza kuti bwatolo ndi chigogo cholemera, pafupifupi chowongoka, mimba yotakata koma kukamwa kopapatiza moti msodzi amakhala pamwamba, miyendo yokha ndi imene imalowa mkati. Chakumapeto kunali chigamba cha lata chokhomedwa ndi timisomali tambirimbiri. Chigambacho ndinachiona patapita mphindi 20 ndikuliyang'ana bwato lomwelo.

Popeza kufufuta kunalibe, mzere wolondola ndinaulemba pamwamba pa wolakwika, wolakwikawo n'kutsala pansi wotuwa. Chodabwitsa n'chakuti chithunzicho chili ndi moyo kuposa zonse zimene ndinazipukuta mosamala kunyumba. Ndikachiyang'ana ndimaona pamene ndinasochera ndi pamene ndinabwerera.

Koma ndisaname, panali kudandaula. Ulendo unali wa anthu awiri, ine maola awiri mutu uli mukope. Abambo anamwa khofi wa Mzuzu makapu atatu akundidikira, kenako anati, "Kodi tabwera ndi mkazi wanga kapena ndi mphunzitsi wa zojambula?" Tinagwirizana kuti ndizijambula mphindi 15 basi, iwo agwire wotchi. Nthawi yochepayo inandithandizanso, chifukwa sindinkataya mphamvu pa masamba a mtengo uliwonse.

Usiku womaliza ndinawajambula iwowo akusinza pampando, atafunda jekete. Atadzuka analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Mphunoyi ndi yangadi," anatero. "Nanga makutuwa mwabwereka kwa ndani?"